Nkhondo ya ku Iraq ndi mbewu imene inatayika

Anthu akamawerengera zimene nkhondo yawononga amayamba ndi manda, kenako milatho, zipatala ndi masukulu. Mpake kutero, pakuti moyo wa munthu ulibe mtengo. Koma ife amene timadyera mbewu, ena pochulukitsa m'minda, ena pogulitsa m'masitolo a m'misika ya kumidzi, tili ndi chifukwa chowerengeranso chinthu china chimene atolankhani a kunkhondo sachijambula kawirikawiri. Mlatho ukagwa, ndalama zikangopezeka umamangidwanso m'zaka zochepa. Mtundu wa mbewu ukatha, palibe ndalama imene ingaubweze. Dziko la Iraq lakhala likuonetsa zimenezi kwa zaka zoposa 40, ndipo tikukhulupirira kuti nkhani yake ndi yoyenera kuikamba pakati pathu, makamaka tsopano pamene mayiko a m'chigawo chino ali kalikiriki kugwirizanitsa malamulo awo a mbewu.

Iraq ali m'dera limene ulimi wa tirigu ndi barele unayambira. Kumudzi wakale wa Jarmo, m'mapiri a kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, akatswiri ofukula za m'mabwinja anapeza umboni wakuti anthu ankalima mbewu zimenezi zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. M'zigwa za mitsinje ya Tigris ndi Euphrates alimi akhala akusankha ngala zabwino, kusunga ndi kusinthana mbewu kuyambira kale kwambiri, mpaka kupeza mitundu yopirira chilala, kutentha ndi nthaka ya mchere. M'mapiri momwemo mumamerabe abale akutchire a tirigu, barele ndi mphodza, amene akatswiri opanga mitundu yatsopano amafunamo mphamvu zolimbana ndi matenda. Buledi amene timagula ku Lusaka, ku Tete kapena ku Blantyre ali ndi ngongole kwa alimi akale a chigawo chimenecho.

Chilonda choyamba chachikulu chinabwera ndi nkhondo ya Iraq ndi Iran, kuyambira 1980 mpaka 1988. Nkhondoyo isanayambe, Iraq anali ndi mitengo ya kanjedza pafupifupi 30 miliyoni, ndipo yochuluka inali m'mbali mwa mtsinje wa Shatt al-Arab kufupi ndi mzinda wa Basra. Kumeneko n'kumene kunali malire a adani awiriwo. Mitengo yambirimbiri inadulidwa kuti asilikali aziona patali, ina inapsa ndi mabomba, ina inauma chifukwa ngalande zinakwiririka ndipo eni ake anathawa. Mlimi aliyense wa zipatso amvetsa kukula kwa tsokalo. Kanjedza wa mtundu wabwino, monga Barhi kapena Hallawi, sachulukitsidwa ndi nthanga, chifukwa nthanga imabereka mtengo wosiyana ndi mayi wake. Alimi amadzala mphukira yochotsedwa patsinde la mtengo waukulu, ndipo imatenga zaka zingapo isanabale. Wodula munda wa kanjedza amadula zokolola ndi mbewu yomwe pa nthawi imodzi.

M'chaka cha 1990 Saddam Hussein analanda dziko la Kuwait, ndipo bungwe la United Nations linaika ziletso za malonda zimene zinakhalapo mpaka 2003. Mabomba a nkhondo ya 1991 anaphwanya malo opangira magetsi, pamene ulimi wa pakati ndi kumwera kwa Iraq umadalira mapampu, ena okweza madzi a mumtsinje, ena otulutsa madzi a mchere m'minda. Mapampu akaima, mchere umakwera pamwamba pa nthaka n'kuyera ngati ufa. Zipangizo zokonzera makina, mankhwala ena ophera tizilombo ndi zida za m'malo oyezera mbewu zinkavuta kulowa m'dzikomo chifukwa ankaziganizira kuti zingagwiritsidwenso ntchito pa nkhondo. Kuyambira mu 1997, pansi pa dongosolo losinthanitsa mafuta ndi chakudya, tirigu wambiri wodya anayamba kubwera kuchokera kunja n'kumagawidwa kwa banja lililonse. Anthu anapulumuka ku njala, koma mlimi wa m'dzikomo anakhala wopanda msika wolimbikitsa.

Zimene zimachitikira mbewu m'zaka zoterozo timazidziwa tonse, ngakhale sizimveka phokoso. Mtundu wa tirigu wotulutsidwa ndi akatswiri umafuna kusamalidwa chaka ndi chaka: mbewu ya katswiri imabereka mbewu ya maziko, ya maziko imabereka yovomerezeka, ndipo pa sitepe iliyonse pamafunika woyendera munda, wozula mapesi achilendo, makina opetera ndi woyeza kameredwe. Unyolo umenewu ukaduka, mlimi amadzalabe, koma chaka chilichonse thumba lake limachuluka nthanga za udzu, mitundu yosakanikirana ndi matenda oyenda ndi mbewu. Zokolola zimatsika pang'onopang'ono, mwakuti palibe tsiku limodzi limene munthu angaloze kuti mbewu inafa lero.

Kenako panafika 20 Malichi 2003, pamene asilikali a United States, Britain ndi anzawo analowa m'dzikomo. Pa 9 Epulo mzinda wa Baghdad unagwa, ndipo kwa masabata angapo nyumba za boma zinakhala zopanda mlonda. Dziko lonse lapansi linamva za kubedwa kwa zinthu zakale m'nyumba ya chikumbutso ya ku Baghdad. Ochepa okha anamva kuti nkhokwe ya dziko yosungiramo mitundu ya mbewu, imene inali ku Abu Ghraib kumadzulo kwa mzindawo, nayonso inathyoledwa n'kuwonongedwa. Dzina la Abu Ghraib linadzatchuka chifukwa cha nkhanza za m'ndende ya kumeneko, koma kwa alimi a ku Iraq linali dzina la malo a kafukufuku wa zaulimi, ndipo mtundu wina wa tirigu wolimidwa kwambiri m'dzikomo umatchedwa ndi dzina lomwelo. Nkhokwe yotere ndi mafiriji, timapaketi tomata bwino ndi mabuku olembamo kumene mbewu iliyonse inatengedwa. Wakuba amafuna firiji ndi botolo. Mbewu amaikhuthulira pansi.

Chimene chinapulumuka, chinapulumuka chifukwa cha kuona patali kwa akatswiri a ku Iraq eni ake. M'zaka za m'ma 1990 iwo anatumiza bokosi lomata la mitundu yawo yofunika kwambiri ku bungwe la ICARDA, limene likulu lake linali kufupi ndi Aleppo m'dziko la Syria, kuti likasungidwe. Mu 2005 bungwe la FAO linalengeza kuti ntchito ya mbewu ku Iraq yagwa, ndipo dzikolo linkatha kudzipezera magawo 4 okha pa magawo 100 alionse a mbewu yabwino imene alimi ake ankafuna. Anthu ogwira ntchitoyo nawonso anamwazikana. Lamulo loyamba la olamulira achilendo linachotsa pa maudindo akuluakulu mamembala a chipani cha Baath, pamene m'dziko la chipani chimodzi akatswiri ambiri ankalowa chipani pofuna kusunga ntchito. M'zaka za ziwawa zimene zinatsatira, aphunzitsi ambiri a m'mayunivesite anaphedwa ndipo ena anathawira kunja. Katswiri wopanga mitundu ya mbewu amapsa patapita zaka zambiri, ndipo akachoka amapita ndi zimene zili m'mutu mwake.

Olamulira achilendowo, bungwe la Coalition Provisional Authority lotsogozedwa ndi Paul Bremer, anatulutsa malamulo 100 asanapereke ulamuliro kwa boma la anthu a ku Iraq pa 28 Juni 2004. Awiri mwa malamulowo amatikhudza ife a malonda. Lamulo nambala 12, la mu Juni 2003, linaimitsa misonkho ya katundu wolowa m'dziko. Ndiwo zamasamba, zipatso ndi nkhuku zotsika mtengo zinasefukira kuchokera kumayiko oyandikana nawo, pamene mlimi wa ku Iraq analibe magetsi okwanira, dizilo wotsika mtengo kapena msewu wodutsika mopanda mantha. Wogulitsa mbewu amadziwa kuti kasitomala wake akalephera kugulitsa tomato chaka chino, chaka chamawa sabweranso kudzagula paketi.

Lachiwiri ndi Lamulo nambala 81, losainidwa pa 26 Epulo 2004, limene linasintha lamulo la dzikolo la umwini wa zinthu zotulukiridwa ndi kuonjezeramo chaputala choteteza mitundu yatsopano ya zomera. Za lamuloli zanenedwa zambiri, ndipo zina ndi zokokomeza. Silinaletse mlimi kusunga mbewu ya makolo ake, ndipo silinakakamize munthu kugula mbewu ya kampani iliyonse. Chimene linachita ndi kupereka chitetezo cha zaka 20 kwa mwini mtundu wolembetsedwa, zaka 25 pa mitengo ndi mphesa, ndi kuletsa alimi kudzalanso mbewu yochokera ku mitundu yotetezedwayo. Kuletsa kumeneku kunali kolimba kuposa mmene mayiko ambiri olemera amachitira kwawo, chifukwa ngakhale pangano la UPOV la 1991 limalola boma kupatsa alimi mpata wosunga mbewu yodzala m'minda yawoyawo. Mu 2013 nyumba ya malamulo ya Iraq inakhazikitsa lamulo lakelake la kalembera ndi chitetezo cha mitundu ya mbewu m'malo mwa chaputalacho.

Pano tiyenera kunena maganizo athu mosapita m'mbali, chifukwa ambiri a ife timafuna kuti wopanga mtundu watsopano azipindula ndi thukuta lake. Mtundu umodzi wa chimanga kapena soya umatenga nyengo zambiri zoyesa usanafike m'sitolo, ndipo ngati aliyense angauchulukitse n'kumagulitsa m'matumba achinyengo, palibe amene adzaikenso ndalama pa kafukufuku. Komabe tikunena kuti Lamulo nambala 81 linali lolakwika, ndipo linavulaza mfundo imene ife timaiikira kumbuyo. Linalembedwa ndi mlendo wokhala ndi mfuti, popanda nyumba ya malamulo, popanda kufunsa alimi, m'dziko limene nkhokwe yake ya mbewu inali itangowonongedwa chaka chimodzi m'mbuyomo. Malamulo a nkhondo a ku Hague a 1907 amati wolanda dziko alemekeze malamulo amene wawapeza, pokhapokha ngati n'kosatheka kutero. Umwini wa mitundu ya tirigu sunali nkhani yoti singadikire boma losankhidwa. Mlendo ndi mame, koma lamulo limene wasiya limakhalitsa, ndipo mpaka lero amene amatsutsa ufulu wa opanga mbewu amatchula Iraq ngati umboni wawo woyamba.

Mbiri ya Iraq ili ndi chenjezo lina lakale, lochitika nkhondo zonsezi zisanayambe, limene wogulitsa mbewu aliyense ayenera kulidziwa. Kumapeto kwa 1971, chilala chitawononga zokolola, boma linaitanitsa mbewu ya tirigu ndi barele kuchokera ku Mexico ndi United States. Mbewuyo inali yothiridwa mankhwala a methylmercury oteteza ku chinoni, ndipo inapakidwa utoto wofiirira. Inafika m'midzi yambiri nthawi yodzala itadutsa. Machenjezo a pa matumba anali m'Chisipanishi ndi m'Chingerezi, zilankhulo zimene alimi sankawerenga. Mabanja anatsuka utotowo, anaona kuti wachoka, n'kugaya tirigu wake kuphika buledi. Anthu 6,530 anagonekedwa m'zipatala ndipo 459 anafera komweko, osawerengera amene anafera m'midzi. Mbewu yobwera mwadzidzidzi kuchokera kutali, mochedwa, yolembedwa m'chilankhulo chachilendo, yoperekedwa kwa anthu anjala: umu ndi mmenenso mbewu ya chithandizo imafikira nthawi zambiri nkhondo ikatha.

Chipwirikiti chimene chinatsatira kulowa kwa asilikali achilendo chinabala gulu la Islamic State, limene mu Juni 2014 linalanda mzinda wa Mosul ndi chigawo cha Nineveh, nkhokwe ya tirigu ndi barele wa dzikolo. Zigawengazo zinatenga nkhokwe za boma za tirigu ndi mathirakitala a alimi othawa. Kudera la Sinjar, kwawo kwa anthu a mtundu wa Yazidi, bungwe la Amnesty International linalemba mu 2018 za zitsime zothiridwa mafuta ndi zinyalala, mapampu obedwa ndi minda ya zipatso yodulidwa dala kuti eni ake asadzabwererenso. Anthu pafupifupi 6 miliyoni anathawa m'nyumba zawo pakati pa 2014 ndi 2017. Pamwamba pa zimenezi, Iraq ali m'gulu la mayiko okhala ndi mabomba okwirira ochuluka kwambiri pa dziko lapansi, ena a m'zaka za m'ma 1980, ena a posachedwapa. Munda wa mabomba sulimika, ndipo mbewu ya banja imene yakhala m'thumba nyengo zitatu kapena zinayi osadzalidwa imayamba kutaya mphamvu yomera.

Pali amene anganene kuti tikusenzetsa alendo katundu amene si wawo yense, ndipo ali ndi mfundo. Saddam Hussein ndiye anayambitsa nkhondo ya Iran ndi ya Kuwait. Boma lake ndilo linagumula midzi pafupifupi 4,000 ya anthu a mtundu wa Kurd, ndipo ndilo linaumitsa madambo aakulu a kumwera pofuna kulanga amene analiukira mu 1991, mpaka madambowo anatsala gawo limodzi mwa magawo 10. Anthu anayamba kugumula madamu oumitsawo mu 2003, iye atagwa. Madzi a Tigris ndi Euphrates achepanso chifukwa cha madamu a ku Turkey ndi Iran ndiponso kusintha kwa nyengo, mwakuti mu 2018 boma linaletsa kudzala mpunga m'madera ambiri, kuphatikizapo mpunga wonunkhira wa Anbar wa ku Najaf. N'zoonanso kuti m'zaka zina zaposachedwapa Iraq wakolola tirigu womukwanira, chifukwa boma limagula kwa alimi pa mtengo wokwera pogwiritsa ntchito ndalama za mafuta. Zonsezi sizichotsa mfundo yathu. Wolowa m'nyumba ya mnzake ndi mphamvu, ponena kuti wadzamupulumutsa, amasenza udindo wa zimene zili m'nyumbamo. Asilikali amene analondera unduna wa za mafuta ku Baghdad akanatha kulonderanso mafiriji a mbewu.

Nkhani ya bokosi lija ili ndi mbali yachiwiri. Nkhondo itabuka ku Syria, akatswiri a ICARDA anakakamizika kuchoka ku Aleppo. Mwayi wake, anali atatumiza kale mbewu zawo zambiri ku nkhokwe ya padziko lonse ya ku Svalbard m'dziko la Norway, imene inatsegulidwa mu 2008. Mu 2015 ICARDA inakhala bungwe loyamba kutapa mbewu m'nkhokweyo, ndipo inakazichulukitsa ku Lebanon ndi ku Morocco. Malo amene mu 1990 ankaoneka otetezeka, pofika 2012 anali bwalo la nkhondo. Mbewu imapulumuka ikakhala m'malo angapo otalikirana.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chigawo chathu si mlendo ku nkhondo. Ya ku Mozambique, kuyambira 1977 mpaka 1992, inathamangitsira anthu pafupifupi miliyoni imodzi ku Malawi, ndipo pobwerera anapeza minda itasanduka tchire. Angola anamenyana mpaka 2002. Ku Cabo Delgado kwakhala ziwawa kuyambira 2017, ndipo kum'mawa kwa Congo mfuti sizinatonthole. Namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Freddy mu 2023 anaonetsa kuti nkhokwe ingathe kupita usiku umodzi ngakhale popanda msilikali. Motero pali zinthu zinayi zimene tikupempha mamembala athu aziikire mtima.

Choyamba ndi nkhokwe zathu za mitundu ya mbewu. Tili ndi nkhokwe ya SADC ku Chalimbana kufupi ndi Lusaka, ya Malawi ku Chitedze, ya Zambia ku Mount Makulu, ndi zina m'mayiko anzathu. Makampani a mbewu amaziona ngati nkhani ya boma, chonsecho mawere, mapira, nzama, khobwe ndi chimanga cha makolo zosungidwa mmenemo ndiwo gwero la mitundu imene tidzagulitse mtsogolo. Tiyenera kufunsa ngati mafiriji ake ali ndi magetsi odalirika, ngati mbewu zikudzalidwanso pa nthawi yake, ndiponso ngati mtundu uliwonse uli ndi mnzake wosungidwa kudziko lina. Kampani iliyonse ichitenso chimodzimodzi ndi makolo a mitundu yake ya haibulidi.

Chachiwiri ndi mbewu ya chithandizo. Tsoka likagwa, mabungwe amathamangira kugula mbewu kulikonse kumene ili yambiri, n'kuigawa ulere pakhomo pa wogulitsa wa m'deralo, amene amatsala ndi katundu wosayenda mpaka kutseka sitolo. Chithandizo chikatha, mudzi umakhala wopanda bungwe ndiponso wopanda sitolo. Tiumirire kuti chithandizo chizidzera m'makuponi ndi m'misika ya mbewu kumene mlimi amasankha yekha kwa ogulitsa ndi ochulukitsa a kwawo, ndiponso kuti mitundu yoperekedwa ikhale yoyesedwa kale m'deralo.

Chachitatu ndi zolemba pa thumba. Mankhwala a mercury analetsedwa pa mbewu, koma mbewu yathu ya chimanga imathiridwabe mankhwala ndi kupakidwa utoto, ndipo m'miyezi ya njala chiyeso choitsuka n'kupita nayo kuchigayo chimakhalapo. Chenjezo lilembedwe m'Chichewa, m'Chisena, m'Chishona, m'Chibemba, m'chilankhulo chimene wogula amalankhula, ndipo wogulitsa alinene ndi pakamwa popereka paketi.

Chachinayi ndi malamulo. Tili ndi dongosolo la SADC logwirizanitsa malamulo a mbewu, malamulo a COMESA a 2014 ndi pangano la ARIPO la ku Arusha la 2015. Tikufuna malire otseguka kwa mbewu yabwino, ndipo tikufuna chilango kwa ogulitsa mbewu yachinyengo. Koma lamulo lililonse lizidutsa m'nyumba zathu za malamulo masana, alimi ang'onoang'ono atamvedwa, ndipo lisamalowe ngati chikole cha ngongole kapena cha chithandizo. Lisiyenso mpata woonekera bwino woti mlimi asunge ndi kusinthana mbewu ya m'munda mwake. Mlimi wosunga mbewu ndi kasitomala wathu yemweyo, amene chaka chino agula haibulidi wa chimanga n'kudzala nyemba za m'nkhokwe mwake. Pamene maofesi a boma ku Iraq anapsa, makina opetera ataima, akatswiri atathawa, minda imene inadzalidwa inadzalidwa makamaka ndi mbewu ya m'matumba a alimi.

Ana amene anabadwa ku Iraq m'chaka cha 2003 ndi akuluakulu tsopano, ndipo ena a iwo akulima minda ya mchere, ena akudzala mphukira za kanjedza pamene agogo awo anali ndi nkhalango. Asilikali ambiri amene anabwera chaka chimenecho anabwerera kwawo pofika Disembala 2011. Ife tilibe mphamvu yoletsa nkhondo, koma pa msonkhano wotsatira wa bungwe lathu tingathe kuika pa ndondomeko ya zokambirana funso ili: mawa likulu litakhala lopanda magetsi ndi mlonda kwa mwezi wathunthu, mbewu ya maziko ya mitundu imene tikugulitsa ingapezekenso kuti, ndipo ndani ali ndi kiyi?